Kumva maganizo a ana pa sukulu ya mkombaphala: njira zogwira ntchito

Mwana wa zaka zinayi akafunsidwa kuti "ukufuna chiyani?" kenako n'kuona kuti palibe chasintha, amazindikira msanga kuti funsolo ndi lamwambo chabe. Mawa lake amangoyang'ana nkhope ya mlezi n'kuyankha chimene akuganiza kuti chimusangalatsa. Choncho alezi a m'ma CBCC athu (sukulu za mkombaphala za m'madera) kuno ku Salima, kaya ndi ku Khombedza, ku Chipoka kapena ku Senga Bay, agwiritse mfundo iyi: musafunse ana chinthu chimene mwagamula kale, ndiponso musawafunse chimene simungakwanitse kuwapatsa.

Kumva ana si nkhani ya chifundo cha mlezi ayi. Ndime 12 ya Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la 1989, limene dziko la Malawi linavomereza mu 1991, imati mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa zomukhudza, ndipo maganizowo aziganiziridwa molingana ndi msinkhu wake. Ndimeyi sinaike zaka zoyambira. Mu 2007 Laura Lundy wa ku Queen's University Belfast anafotokoza kuti ufuluwu umafuna zinthu zinayi: mwana apatsidwe mpata, athandizidwe kunena, pakhale womumvera, ndipo zimene wanena zikhale ndi mphamvu pa chigamulo. Sukulu zambiri zimakwanitsa ziwiri zoyambirirazo. Pogona nkhani ndi pa chachinayi.

Zoti ana agamule ndi zoti asagamule

Yambani ndi zinthu zimene zichitike tsiku lomwelo, chifukwa mwana wa zaka zitatu sangadikire sabata kuti aone zotsatira. Nthano ya lero ikhale ya Kalulu kapena ya Fisi? Mphasa tiyale pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde? Panja tisewere chipako kapena masanje? Akazolowera, pitani ku zazikulupo: mayina a magulu, ndani akhale wogawa masupuni, pa bedi la kudimba tifesepo bonongwe kapena mpiru.

Kusamba m'manja pa mpondagiya, kuyandikira moto wa phala, kupita kunyanja okha, izi sizivoteredwa. Auzeni mosapita m'mbali kuti "ichi ndi cha akuluakulu," ndipo perekani chifukwa chachifupi: kolera, kupsa, kumira, likodzo. Ana amavomereza malire akauzidwa zoona. Chimene chimawasokoneza ndi kufunsidwa kenako n'kukanizidwa.

Kuvota ndi zitsononkho

Osavotetsa pokweza manja. Ana a msinkhu uwu amakwezera zonse ziwiri, ena amaonera mnzawo wamkulu, ena amangosangalala ndi kukweza dzanjalo. Osafunsanso mofuula kuti "ndani akufuna Kalulu?" chifukwa gulu lonse liyankha "ine!" ngakhale amene sanamve funso.

Pezani zitini ziwiri kapena mabeseni awiri, chitenje chimodzi, ndi zitsononkho zochuluka ngati anawo. Chitsononkho n'chabwino kuposa mwala kapena chitsekerero cha botolo, chifukwa mwana sangachimeze kapena kuchilowetsa m'mphuno. Patsogolo pa chitini chilichonse ikani chinthu choimira chisankhocho: mpira wachikulunga kuimira masewera a mpira, kampoto kuimira masanje. Chinthu chogwirika chimamveka kuposa chithunzi, ndipo chithunzi chimamveka kuposa mawu.

Zosankha zikhale ziwiri kwa a zaka zitatu, zitatu kwa a zaka zisanu. Zikachuluka, mwana amangotenga chimene chatchulidwa pomaliza. Pa chifukwa chomwechi, muzitchula kawiri mosinthanitsa: "mpira kapena masanje," kenako "masanje kapena mpira." Mawu anu asakwere pa chimene inuyo mukufuna.

Mangani chitenje pakati pa mitengo iwiri kuti zitini zibisike, ndipo muzivindikire ndi katoni yoboola pakati kuti wobwera pambuyo asaone mmene mwadzaza. Mwana aliyense alandire chitsononkho chimodzi, alowe yekha, aponye, atuluke. Yambitsani aang'ono ndi amanyazi. Akuluakulu aja a zaka zisanu ndi chimodzi amene sanayambe Sitandade 1 akhale omaliza, chifukwa akatuluka amalengeza zimene asankha ndipo ena onse amatsatira.

Kuwerenga ndiye pofunika kudekha. Mukangonena kuti "masanje apeza 14, mpira 9," kwa mwana wa zaka zitatu manambalawo alibe tanthauzo. Khuthulani zitini pamaso pa onse, ndipo ana okha andandalike zitsononkho m'mizere iwiri yoyandikana, chimodzi moyang'anizana ndi chinzake, kuyambira pa mzere umodzi wojambula pansi. Mzere wautali uonekera wokha. Onetsetsani kuti mipata ndi yofanana, apo ayi mzere wa zitsononkho zochepa zotalikirana uoneka wautali ndipo pabuka mkangano. Pamenepa mwaphunzitsanso masamu a "zambiri" ndi "zochepa."

Zonsezi zisapitirire mphindi khumi ndi zisanu, ndipo zichitike ana atamwa phala. Mwana wanjala savota, amangoyang'ana kukhitchini. Ngati ana ndi oposa makumi atatu, agaweni m'magulu awiri.

Ogonja alira, makamaka masiku oyamba. Musawanene kuti ndi amwano, komanso musasinthe zotsatira kuti atonthole, chifukwa mukatero mwaphunzitsa kuti kulira kumaposa voti. Nenani kuti "iwe umafuna mpira, wakhumudwa, ndamva," ndipo mupachike chinthu chogonjacho pakhoma kuti chichitike mawa. Mawalo mukwaniritse. Mukaona kuti ana omwewo, kawirikawiri atsikana kapena aang'ono, akugonja tsiku lililonse, siyani kuvota kwa masiku angapo ndipo musankhe mosinthana: lero gulu ili, mawa linalo.

Amene sayankhula pagulu

Bwalo la m'mawa limakomera ana olongolola. Mwana amene kwawo amayankhula Chiyao, ngati ambiri a m'mbali mwa nyanja, akhoza kukhala chete chifukwa Chichewa sichinamuzolowere. Wina samva bwino, wina anaphunzitsidwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Kwa oterewa pakufunika njira zina.

Yothandiza kwambiri ndi kuyenda nawo. Tengani ana awiri kapena atatu, muwauze kuti "ndionetseni malo amene mumawakonda," kenako "ndionetseni pamene simupakonda." Atsogole ndi iwo, inu pambuyo ndi kope. Pamalo pamene aima, njutani kuti maso anu afanane ndi awo, muone zimene akuona. Chimbudzi chimene kwa inu chilibe vuto, kwa mwana chikhoza kukhala cha mdima, chibowo chake chachikulu moti amaopa kugweramo, n'chifukwa chake amakadzithandiza kuseri. Chigubu cha mpondagiya chikhoza kukhala patali ndi manja ake. Mchenga wa pabwalo m'mwezi wa Okutobala umaotcha mapazi a mwana wopanda nsapato. Zinthu ngati izi sizituluka pa bwalo la m'mawa.

Kujambula pamchenga, kulemba ndi makala pa katoni, kuumba ndi dongo la kudambo, zonsezi ndi mayankhidwe. Osalota nokha kuti "iyi ndi nyumba eti?" chifukwa mwana angovomera. Nenani kuti "tandiuza za ichi," ndipo muwerenge chamumtima mpaka khumi musanawonjezere mawu. Pewani funso lakuti "chifukwa chiyani?" kwa aang'ono, amalimva ngati akudzudzulidwa. Lembani mawu a mwana mmene wawanenera, osawakonza, pamodzi ndi tsiku. Pa masanje ingokhalani pambali: amene akusewera ngati mphunzitsi n'kumakalipa ndi kamtengo m'manja akukuuzani mmene amaonera sukuluyo.

Kubweza yankho

Kope lija ligawidwe m'zigawo zitatu: zimene ana anena, zimene tachita, tsiku limene tawauza. Kumapeto kwa sabata liwerengeni pamodzi ndi alezi anzanu. Pamene gawo lachiwiri lili lopanda kanthu, pali ngongole. Zofuna ndalama kapena mphamvu, monga kuchepetsa chibowo cha chimbudzi kapena kumanga chisakasa cha mthunzi, zipite ku komiti ya makolo, ndipo ngati n'kofunika kwa a mfumu. Mukatero bwererani kwa ana: "Munati kuchimbudzi kuli mdima. Abambo a komiti aboola zenera, tiyeni tikaone." Ngati sizitheka, auzeninso: "Munafuna katungwe. Chingwe tilibe, tidikira tikakolola."

Makolo ena adzadandaula kuti mukulera ana amwano. Dandauloli musalipeputse. Aitaneni adzaonerere kuvota kumodzi. Adzaona mwana wawo akudikira nthawi yake, akumvera mnzake, akuvomera kugonja, zimene wamkulu aliyense amafunika kuchita pabwalo la mfumu. Moni, kulandira ndi manja awiri ndi kunena zikomo zimapitirira monga kale.

Mukayamba kumvetsera, tsiku lina mwana adzanena zakumenyedwa koopsa kapena kugwiridwa malo obisika. Musaonetse kudzidzimuka, musamupanikize ndi mafunso, musamulonjeze kuti mubisa. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, lembani mawu ake enieni, ndipo tsiku lomwelo dziwitsani woteteza ana wa m'dera lanu, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma la Salima, kapena a Victim Support Unit kupolisi. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Nkhani yotere isalembedwe m'kope la onse lija, ndipo isakambidwe pa msonkhano wa komiti.