Ziwerengero za kafukufuku zisamakonzedwe ndi manja

Ofufuza ambiri, makamaka ophunzira amene akuchita kafukufuku wawo woyamba, amasunga ziwerengero mu Excel, n'kumazikonza momwemo ndi manja, kenako n'kukopera zotsatira mu PowerPoint tsiku lokafotokoza likayandikira. Njirayi imaoneka yachidule, koma pakatha miyezi itatu ngakhale mwini wake sakumbukira kuti anasintha chiyani komanso chifukwa chake.

Vuto lina n'lakuti Excel imatha kusintha zolembedwa popanda kufunsa. Mwachitsanzo, dzina la jini (kachigawo ka DNA konyamula chibadwa) lakuti MARCH1 inkalisandutsa deti la 1 Marichi, ndipo zolakwika zotere zinachuluka m'mapepala a sayansi mpaka mu 2020 komiti yoona mayina a majini a anthu inasintha dzinalo kukhala MARCHF1.

Choncho fayilo yoyamba ya ziwerengero muisunge ngati CSV (fayilo ya mawu ndi manambala okha, olekanitsidwa ndi chizindikiro cha koma) ndipo musaikhudzenso. Kuchotsa mizere yobwerezeka, kukonza zolakwika ndi kuwerengera konse kuchitike polemba khodi (malangizo opita kwa kompyuta) m'chilankhulo cha kompyuta cha R kapena Python, kuti chilichonse chimene mwachita chikhale cholembedwa ndiponso munthu wina athe kuchibwereza. Kwa amene ntchito yake yaikulu ndi ziwerengero, ine ndimalimbikitsa R, imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anayambitsa pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand. Ndi yaulere, ndipo mukaiika pa kompyuta pamodzi ndi RStudio (pulogalamu yolemberamo khodi ya R) komanso mapakeji (zida zowonjezera za R) amene mukufuna, imagwira ntchito popanda intaneti.

Phindu lenileni limaoneka pokonza masilayidi. Ndi Quarto, pulogalamu yopangira malipoti ndi masilayidi, mawu anu ndi khodi zimakhala mu fayilo imodzi, moti woyang'anira kafukufuku akakuuzani madzulo kuti muchotse mudzi umodzi pa ziwerengero, mumangosintha mzere umodzi, magirafu ndi matebulo onse n'kukonzeka okha mu lipoti ndi m'masilayidi momwe. Amene ntchito yawo ili ndi masamu ambiri angagwiritse ntchito Beamer, chida chopangira masilayidi mu LaTeX, pulogalamu yolembera zolemba za masamu.

Muphunzirenso Git, pulogalamu imene Linus Torvalds anapanga mu 2005, chifukwa imasunga mbiri ya zosintha zonse, m'malo mokhala ndi mafayilo khumi onse otchedwa "lomaliza".

Pa tsiku lokafotokoza, silayidi iliyonse ikhale ndi girafu imodzi yokha, yolembedwa zilembo zoti wokhala kumbuyo awerenge bwino. Masilayidiwo muwasungenso ngati PDF pa fulashi, popeza kompyuta yolumikizidwa ku pulojekita ingakhale yopanda mapulogalamu amene munagwiritsa ntchito.