Lekani kumana galu chakudya poti mawa kuli uzimba

Chikololereni chaka chino ndaitanidwa kangapo kukaona agalu osakira amene agwa kutchire, ndipo nkhani yake imakhala imodzimodzi. Galu wabwera atamangidwa pa kaliyala ya njinga, lilime lili panja, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, nthiti zikuwerengeka uli patali. Ndikafunsa kuti wadya liti, mwiniwake amayankha mosakayika n'komwe: "Dzana, alangizi. Tinamusungira njala kuti akalimbike." Mawu amenewa andikwana. Ndawamva kwa anyamata, ndawamva kwa madoda a imvi, ndipo aliyense amawanena ngati ndi nzeru yaikulu.

Pali kanthu koona pamene mwambowu unayambira. Makolo athu anaona kuti galu amene wangodya kumene nsima yodzaza mbale sathamanga, amangofuna mthunzi. Zimenezo n'zoona, ndipo kwa agalu a chifuwa chakuya, kuthamanga mimba ili tho n'koopsa, chifukwa mimbayo imatha kufufuma n'kupotoka, galu n'kufa tsiku lomwelo. Koma tanthauzo lake ndi lakuti musamukhutitse m'mawa wa tsiku losakalo. Basi. Zomumana masiku awiri kapena atatu zija tinaziwonjezera tokha, mwina chifukwa zimatipeputsira ntchito ya kumphika.

Taganizani ntchito imene mukumutuma galuyo. Kalulu wa kwathu kuno sadalira una ayi. Amabisala pa tsinde la udzu, ndipo akadzidzimuka chitetezo chake ndi liwiro ndi kukhota mwadzidzidzi. Galu amathamanga ndi mphamvu zake zonse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kukhota, kugwa, kudzuka, kenako mukumutumanso pa kalulu wachiwiri, wachitatu, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Mphamvu ya liwiro lotere imachokera m'chakudya cha dzulo chimene thupi lasunga m'minofu ndi m'chiwindi. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Mukamumana masiku awiri, amapita kutchire nkhokweyo itatsala pang'ono kutha. Shuga akatsika m'magazi galu amayamba kudzandira, maso ali gwa, malovu akutuluka, nthawi zina n'kumaphupha ngati wakhunyu. Apa ndi pamene mtima umandiwawa kwambiri, chifukwa anthu akaona malovu ndi kudzandirako amakuwa kuti chiwewe, n'kumumaliza ndi chibonga galu wabwinobwino amene akanadzuka ndi uchi wa pa chala.

Onjezanipo kutentha. Galu satuluka thukuta m'thupi monga ife, amaziziritsa thupi popuma mwawefuwefu, ndipo kupuma koteroko kumamaliza madzi. Alenje ambiri amanyamula mikondo, zibonga ndi machesi, koma botolo la madzi a galu simungalipeze. Ndiye mwatentha tchire, galu akuponda pa lupsa lofuka, mapazi akusupuka, m'mimba mulibe kanthu, madzi sanamwe chichokereni kunyumba. Mukudabwa chiyani akagwa?

Bambo wina wa cha ku Mitundu anali ndi galu wamkazi wa miyendo italiitali, dzina lake Chimphepo, ndipo dera lonselo linkamudziwa. Anthu anali atalipiriratu ana ake asanabadwe. Anaswa ana 6. Anawo ali ndi masabata atatu, anzake a bamboyo anakonza uzimba, ndipo iye anamumangirira Chimphepo kuseri kwa khola masiku awiri osamupatsa kanthu, ana akuyamwabe. Tsiku la uzimba galuyo anagwira kalulu kutali, kutsidya kwa dambo. Pofika mwiniwake anapeza makutu ndi ubweya wokhawokha. Anamumenya. Atabwera kwa ine patapita sabata, mawere a galuyo anali atafota ngati zikwama zopanda kanthu, ana 4 atafa, awiri otsalawo akulira mosatulutsa mawu. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, kodi mayi a kunyumba ali ndi khanda mungawamane chakudya masiku awiri kenako n'kuwatuma kukasenza nkhuni?" Anangowerama. Nkhani siinathere pomwepo. Chimphepo anali ataphunzira kuti pakhomo palibe chodalira, anayamba kulowa m'makola a eni, kudya mazira ndi anapiye. Mlandu unafika kwa amfumu, bamboyo analipa nkhuku, ndipo mwezi usanathe galuyo anamupeza atauma kuseri kwa nkhokwe, wina atamuthirira tameki m'nyama. Ndalama za ana agalu zija anabweza kwa eni ake.

Amene amati njala imanola galu aone pamenepa. Galu wanjala sasakira inu, amadzisakira yekha. Akagwira amathawa nayo nyama, kapena amaing'amba mpaka yosaoneka bwino pamsika. Galu amene amabweretsa kalulu wathunthu kwa mbuye wake ndi amene akudziwa kuti madzulo mbale yake ilipo.

Ndipo akadya kalulu wosaphika ndi matumbo omwe, amatenganso china. Mukamatumbula kalulu, yang'anani pa mafuta ozungulira matumbo ndi pafupi ndi chiwindi. Nthawi zina mumaona timatuza ta madzi, tating'ono ngati nandolo, tili ndi kadontho koyera m'kati. Timeneto ndi ana a njoka za m'mimba zooneka ngati lamba. Galu akameza, njokazo zimakulira m'matumbo mwake, ndipo pakapita masabata angapo mudzaona tizidutswa toyera ngati mpunga m'chimbudzi chake kapena pa ubweya wa kunsi kwa mchira. Mazira ake amagwera pa udzu, kalulu wina amadya udzuwo, zimangozungulira choncho. Alenje ambiri amaponyera agalu matumbo osaphika ngati malipiro a ntchito. Mukulipira galu ndi njoka zimene zizidya kachakudya kochepa komwe mumamupatsako.

Masiku ano anyamata ambiri akufunafuna agalu a miyendo yaitali, a magazi a greyhound, ati ndiwo a liwiro. Ku Britain ndi ku Ireland agalu otere amawatcha lurcher. Amabadwa pokweretsa galu wa liwiro monga greyhound, whippet kapena saluki ndi galu wa mtundu wina monga collie woweta nkhosa, kuti mwana atenge liwiro kwina, nzeru ndi kupirira kwina, ndipo ambiri amasaka nawo akalulu usiku ndi tochi yamphamvu. Koma dziwani kuti agalu a magazi amenewa amakhala ndi mafuta ochepa kwambiri m'thupi, khungu lawo ndi lopyapyala, ndipo njala saipirira monga agalu athu a m'mudzi. Kuonda kwawo ndi kwa chibadwa, pansi pa khungupo pali minofu yodyetsedwa bwino. Ena akaona chithunzi pa Facebook amaganiza kuti akaondetsa galu wawo ndiye afanana naye. Kugula galu wotere pa mtengo wa mbuzi n'kumamupatsa madeya osaphika kawiri pa sabata ndi kutaya ndalama.

Tisaiwalenso kuti galu wanjala sakhala pakhomo. Amayenda usiku m'madzala a zinyalala, kulumana ndi agalu osadziwika ndi nkhandwe, ndipo chiwewe chenichenicho chimalowa m'mudzi kudzera njira imeneyo. Woyamba kulumidwa amakhala mwana amene amasewera ndi galuyo.

Zochita zake si zovuta. Galu adye tsiku lililonse. Phala la madeya kapena nsima yotsala pazokha sizikwanira, sakanizanimo fumbi la usipa kapena bonya lotsalira kwa ogulitsa pamsika, soya wokazinga n'kugayitsa (wosakazinga ayi), magazi kapena zam'kati za kokaphera nyama zowiritsa bwino. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, amasweka mosongoka. Madzulo oti mawa musaka, adye mokhuta. M'mawa mwake madzi okha, kapena kambamu ka nsima, ndipo mukabwerako mulekeni apume kaye ola limodzi asanadye. Nyamulani madzi ndi kauchi kapena kashuga, yambani mbandakucha, dzuwa likakwera bwererani. Galu akadzandira pambuyo pothamanga, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi pamimba ndi m'mapazi, ndipo ngati ndi wanu wolandira katemera, amene sanalumidwe ndi chilombo kapena kusintha khalidwe masiku apitawa, mupakeni uchi m'nkhama ndi kamtengo, osati ndi chala chokhala ndi bala. Matumbo a kalulu wiritsani kapena kwirirani mozama. Mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse, ndipo onetsetsani kuti muli mankhwala otchedwa praziquantel, chifukwa otchedwa piperazine njoka za lamba zija sazipha. Galu amatenga bere masiku pafupifupi 63, mwezi womaliza asapite kutchire, ndipo akamayamwitsa adye kawiri kapena katatu kuposa masiku onse mpaka ana atasiya kuyamwa pa masabata 6 mpaka 8. M'nkhalango zotetezedwa monga Dzalanyama kapena m'paki ya Kasungu musalowemo ndi agalu, ndi mlandu. Katemera wa chiwewe ndi chaka chilichonse, ndipo akalengeza tsiku lake, makamaka cha m'ma 28 Seputembala, bwerani nawo onse ali pa chingwe, ndi tiana tomwe.