Kusankha pulopela ya boti pa Shire: yambani ndi katundu amene mumanyamula

Eni maboti a injini kuno kuchigwa, ndi inu anyamata amene mumawayendetsa, ambirife timaikumbukira pulopela tsiku lokhalo limene yamenya chitsa n'kuthyoka phiko. Tikapita kukagula ina timangofunsa kuti, "Iyi ilowa pa injini ya 40?" Akati ilowa, basi talipira. Komatu mapulopela awiri amene onse amalowa bwinobwino pa injini imodzi akhoza kusiyana kutalitali pogwira ntchito. Ina injini imayenda nayo momasuka zaka zambiri, ina imaifoola pang'onopang'ono uku petulo akutha msanga, mwiniwake n'kumaimba mlandu makaniki kapena mnyamata woyendetsa.

Tengani pulopela yanu, muipukute matope, muyang'ane pathupi pake pakati pa mapiko kapena mkati mmene mumalowa nati. Mupeza manambala awiri, monga 11 1/8 x 13. Nambala yoyamba ndi kukula kwa bwalo limene mapiko amazungulira, m'mainchi. Yachiwiri ndiyo pichi, ndipo nkhani yathu yagona pamenepa. Pichi ndi mtunda umene pulopela ikanasuntha kupita kutsogolo ikazungulira kamodzi, madzi akanakhala kuti sathawa. Pichi ya 13 ndi mainchi 13, omwe ndi masentimita 33. Madzi amathawa ndithu, choncho boti silifika mtunda wonsewo, koma nambalayi imatiuza kupendekeka kwa mapiko. Pichi ikakhala yaikulu, mapiko amaluma madzi ambiri pa kuzungulira kulikonse ndipo injini imalemedwa. Ikakhala yaing'ono amaluma pang'ono, injini n'kumazungulira mopepuka.

Injini ya boti ilibe magiya osinthasintha. Ili ndi yopita kutsogolo, yobwerera m'mbuyo ndi nyutulo. Ganizirani lole yodzaza shuga yochokera ku Nchalo ikadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera zitunda zopita ku Blantyre. Dalaivala amatsitsa giya, chifukwa akakakamira giya yaikulu lole ilira mokoka, itentha, mwinanso izima pakona. Pa boti giya yanu ndi pulopela, ndipo mumaisankha kamodzi muli kumtunda. Ndiye funso loyamba musanagule n'lakuti boti lanu limanyamula chiyani masiku ambiri.

Kuno yankho lake timalidziwa. Kuyambira pamene madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, kuwoloka pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga kwakhala kodalira ngalawa ndi maboti nthawi zambiri. M'boti mumalowa anthu, matumba a chimanga cha kudimba, mbatata, mbuzi, njinga zakapalasa, njinga zamoto, nthawi zina wodwala wopita kuchipatala. Madzi akasefukira, monga mu January 2015 kapena nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, maboti omwewa ndiwo amanyamula anthu ndi chakudya. Ntchito yotere ndi yokankha cholemera, ndipo maboti ambiri amene ndimawaona akadapindula ndi pichi yocheperako kuposa imene ali nayo. Pichi yaikulu imakopa chifukwa poiyesa timakhala awiri okha m'boti, liwiro n'kutikomera. Tsiku la msika boti litadzaza ndi pamene imaonetsa khalidwe lake lenileni.

Mmene mungadziwire kuti pichi yanu ndi yoyenera

Makutu amathandiza, koma chogamula ndi rpm, kutanthauza kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Opanga injini iliyonse amalemba m'buku lake malire a rpm amene iyenera kufika mukaipatsa moto wonse. Injini za Yamaha Enduro za 15 HP ndi 40 HP (HP ndi muyeso wa mphamvu ya injini), zosakaniza petulo ndi oyilo zija, malire ake ndi 4500 mpaka 5500. Injini zambiri za 4-stroke, zosasakaniza petulo ndi oyilo, zimakhala pakati pa 5000 ndi 6000. Onani buku la injini yanuyo, musatengere za mnzanu.

Injini zoyendetsa ndi chogwirira chapamanja zilibe wochi yoonetsa rpm, koma kulipo kachipangizo kakang'ono kotchedwa tachometer kamene waya wake mumangoukulunga pa waya wa pulagi, iko n'kumawerenga. Muonetsetse kuti mwakatchera mogwirizana ndi mtundu wa injini, kupanda kutero kakupatsani nambala yowirikiza kapena yatheka. Si boti lililonse lofunika kukhala nako. Eni maboti a padoko limodzi mukhoza kusonkherana, kamodzi kokha kakukwanirani nonse.

Poyesa, kwezani katundu wolemera ngati amene mumanyamula tsiku ndi tsiku. Matumba a mchenga achita bwino, musayesere anthu. Kapani madzi onse a m'boti, injini itenthe kaye, ndipo pezani malo akuya, owongoka, opanda namasupuni, kutali ndi mvuu ndi maukonde a anzanu. Potokolani moto pang'onopang'ono mpaka kumapeto, dikirani nambala ikhazikike, muilembe. Tembenukani muyesenso mbali inayo, chifukwa Shire amathamanga ndipo mphepo ya masana imakankha boti.

Nambala ikagwera mkati mwa malire, makamaka chapakati kapena kumtundako, pulopela yanu ndi yabwino, isiyeni. Ikatsika kuposa malire apansi, pichi yakula. Ikapitirira malire apamwamba, pichi yachepa. Lamulo limene amakaniki a maboti amatsata n'lakuti kuchotsa inchi imodzi ya pichi kumawonjezera rpm pakati pa 150 ndi 200, ndipo kuwonjezera inchi imodzi kumachotsa yomweyo.

Tiyerekeze kuti muli ndi 40 HP, pulopela yake ndi 11 1/8 x 13, ndipo boti litanyamula katundu wanthawi zonse mwawerenga 4300. Injini imeneyo ikubanika. Mukaika 11 3/8 x 12 muyembekezere china chake chozungulira 4500, pamalire penipeni, ndipo tsiku limene katundu wawonjezekera mudzagweranso pansi. Ya 11 5/8 x 11 ikufikitsani cha m'ma 4600 kapena 4700. Ineyo ndingasankhe imeneyi. Mukhoza kuona kuti pichi ikamatsika nambala yoyamba ija ikukwera pang'ono. Opanga amachita dala, chifukwa boti lolemera limafuna mapiko otambalala ogwira madzi ambiri. Pa 15 HP nkhani ndi yomweyo: mapulopela ake ambiri ndi a 9 1/4, ndipo mumasankha pakati pa pichi ngati 8, 9, 10 ndi 11.

Injini yobanika imadziulula yokha. Imalira mawu okhuthala osakwera, boti limachedwa kudzuka, mapulagi amada msanga, mwaye umadzadza pa pisitoni, ndipo mkati mumatentha kuposa muyeso. Mwezi wa October kapena November, dzuwa la ku Nsanje likafika madigiri 40, injini yotere imakhala ikuzunzika kawiri. Chimene chimandipweteka n'chakuti woyendetsa akaona boti silikuyenda amangowonjezera moto, petulo n'kumalowa wambiri popanda liwiro lowonjezereka. Ndalama imene mukanagulira pulopela yoyenera imathera m'thanki mwakachetechete, kenako n'kudzatheranso kwa makaniki.

Pichi yaing'ono nayo ili ndi msampha wake. Mukatsitsa anthu ndi katundu tsidya lija n'kumabwerera opanda kanthu, injini imapepukidwa ndipo ikhoza kupitirira malire, kulira kwake n'kukhala kosongoka. Mankhwala ake ndi osavuta: bwezani moto pang'ono. Eni maboti, muwauze anyamata anu zimenezi momveka, chifukwa pobwerera ndi pamene amakonda kuthamangitsana kuti akapeze makasitomala. Amene ntchito yake imasinthasintha, lero katundu mawa kuthamangitsa alendo awiri atatu ku Elephant Marsh kukaona mbalame, akhale ndi mapulopela awiri osiyana pichi. Ina idzakhala sipeya.

Ndinenenso ichi mosabisa: kutsitsa pichi si chilolezo chodzaza boti mopitirira. Pulopela imathandiza injini, siikweza m'mbali mwa boti kuti madzi asalowe. Mukaika pichi yaing'ono kwambiri imene ilipo ya injini yanu koma rpm n'kukanabe kufika, ndiye kuti katundu wachuluka kapena injini yachepera botilo. Tsitsani katundu, muyende maulendo awiri, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa. M'madzi athu muli ng'ona.

Musanaimbe pichi mlandu

Pali zinthu zingapo zimene zimanamiza muyeso. Namasupuni kapena udzu ukakulunga pa mwendo wa injini (mbali yolowa m'madzi ija), rpm imatsika ngati pichi yakula. Malo osaya amakokanso boti, n'chifukwa chake tati muyesere pakuya. Mapulagi otopa, petulo wosakanikirana ndi madzi, kabuleta yakuda, kapena waya wa moto wosatsegula mpaka kumapeto, zonsezi zimafoola injini. Konzani izi poyamba, muyese pambuyo.

Mbali inayo, injini ikamalira kwambiri boti osasuntha, kawirikawiri si pichi. Mapulopela ambiri ali ndi labala mkati amene amateteza magiya mukamenya chinthu, ndipo labalayo akatha pulopela imatsetsereka. Kuti mudziwe, jambulani mzere ndi penti kuchokera pa kachitsulo kamkati kolowa pa shafiti (chitsulo chozungulitsa pulopela) kufika pa thupi la pulopela, yendani pang'ono ndi moto wambiri, kenako muyang'ane. Mzere ukasemphana, labala wapita. Injini zina zing'onozing'ono ndi zakale zimagwiritsa ntchito kapini kamene kamaduka dala. Musaikepo msomali wolimba m'malo mwake, chifukwa tsiku lina m'malo moduka kapini adzathyoka magiya. Onaninso kutalika kwa injini: kachitsulo kafulati kamene kali pamwamba pa pulopela kazikhala pafupifupi mulingo umodzi ndi pansi pa boti. Mukakakweza kwambiri pothawa mchenga, pulopela imayamba kumeza mpweya, makamaka pokhota.

Mchenga wa Shire ndi wa Ruo umadya mapiko. Pulopela imene inali 13 pogula, mapiko ake atanyenyeka n'kufupika, sigwiranso ntchito ngati 13, ngakhale nambala ikuonekabe. Ndipo chonde, lekani zokhoma mapiko ndi hamala kuti musinthe pichi kapena kuti muwongole. Ndi maso simungalinganize mapiko atatu. Pulopela yosalingana imanjenjemeretsa shafiti, masilu otchinga madzi amatha, madzi amalowa m'magiya. Timano ting'onoting'ono ta m'mphepete mukhoza kutisalaza ndi fayilo, koma phiko lopindika kwambiri kapena long'aluka likufuna pulopela ina.

Pa funso la aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri, kuno ndimalangiza aluminiyamu. Yachitsulo imalimba ndipo mchenga suidya msanga, koma ndi yodula, ndipo ikamenya chigogo chobisika m'madzi odetsedwa a dzinja, mphamvu yambiri imapitirira kukafika ku shafiti ndi magiya. Madzi akasefukira njira za mtsinje zimasintha, pamene munkadutsa chaka chatha lero pali mchenga kapena mtengo wokokoloka. Kutaya pulopela ya aluminiyamu n'kotsika mtengo kusiyana ndi kutaya mwendo wonse wa injini.

Pokagula, kaya ku Blantyre kaya kwa munthu amene wabwera nayo kuchokera kunyanja, nyamulani yakale. Werengani mano a mkati olowa pa shafiti: pa Yamaha, za 15 HP zimakhala ndi mano 8, za 25 ndi 30 HP mano 10, za 40 HP zambiri mano 13. Pulopela yogwiritsidwa kale ntchito imene nambala yake yafufutika musagule, chifukwa simudziwa chimene mukuika.

Posintha, kokerani boti kumtunda, musaime m'madzi. Ikani injini pa nyutulo, zulani mawaya a mapulagi, ndipo panikizani kathabwa pakati pa phiko ndi kachitsulo kafulati kaja kuti pulopela isazungulire mukamamasula nati. Yalani chiguduli pansi, muike zitsulo zonse motsatana mmene zatulukira, chifukwa washa ikagwera m'matope a Shire simuionanso. Yang'anani kuseri kwa pulopela: kawirikawiri mumapeza ulusi wa ukonde kapena wa mbedza utakulunga shafiti, ndipo ulusi umenewu umadula silu. Uchotseni wonse. Mukamasula kabawuti ka pansi ka oyilo wa magiya n'kuona akutuluka wotuwa ngati mkaka, madzi alowa kale, pitani kwa makaniki musanabwerere pamadzi. Pakani girisi pa shafiti, bwezerani washa yokhuthala yakumbuyo ija poyamba, kenako pulopela, mawasha, nati, ndi kapini katsopano kotsekera nati. Mukatha, yesaninso rpm ndi katundu yemwe uja, ndipo nambala yake pamodzi ndi ya pulopela muzilembe ndi penti mkati mwa chivundikiro cha injini kuti woyendetsa aliyense aziiona.