Mmene mungayambire kuwerenga alakatuli a Chipwitikizi ngakhale Chipwitikizicho simuchidziwa

Ine ndinayamba molakwika, ndiye ndikuuzeni kaye za kulakwitsako kuti inu musagweremo. Nditamva kuti tate wa ndakatulo za Chipwitikizi ndi Luís de Camões ndinangoti basi tiyambire kumutu kwenikweniko, nkutsitsa Os Lusíadas pa foni, chibuku cha 1572 chokhala ndi zigawo 10, ndime 1,102, ndime iliyonse mizere 8. Chigawo chachitatu chomwe sindinachione. Milungu ya Aroma ili pabwalo kukangana, mayina a malo oti sindinawamvepo chibadwire, ine tulo basi. Ndinalisiya bukulo nkumauza anzanga kuti ndakatulo za Apwitikizi nzotopetsa, chonsecho vuto linali khomo lomwe ndinalowera.

Khomo labwino lili pafupi pompano, ku Mozambique. Yambani ndi José Craveirinha. Anabadwa mu 1922 ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, bambo ake Mpwitikizi mayi ake Mronga, ndipo moyo wake wambiri anakhala ku Mafalala, dera la nyumba za malata ndi matabwa komwe kunkakhala anthu akuda ndi a makaladi pomwe azungu anali mkati mwa tauni. Anali mtolankhani, analembako mu nyuzi ya O Brado Africano, ndipo apolisi achinsinsi a atsamunda, a PIDE aja, anamutsekera kuyambira 1965 mpaka 1969. Mu 1991 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira Prémio Camões, mphoto yaikulu ya olemba m'Chipwitikizi. Buku lake lina la 1974 dzina lake ndi Karingana ua Karingana, ndipo amenewa si mawu a Chipwitikizi ayi, ndi mmene Aronga amayambira nthano, ngati ife tikamati padangokhala ena nkuvomera tilitonse. Mukangodziwa chimenechi mwamudziwa kale munthuyu theka, ankalemba m'chilankhulo cha bambo ake koma khutu linali la kwa mayi ake.

Ndiye musawerenge buku lonse. Sankhani ndakatulo imodzi yokha, ine ndinganene Grito Negro, ndipo mukhale nayo sabata yathunthu. Pezani kope wamba. Tsamba lakumanzere koperani ndakatuloyo m'Chipwitikizi ndi dzanja, osati kujambula sikirini, ndi dzanja ndithu, chifukwa polemba mpamene mumaona mawu omwe akubwerezedwa ngakhale simukuwamva tanthauzo. Tsamba lakumanja lisiyeni kaye lopanda kanthu.

Mukatero iwerengeni mokweza. Apa ambiri amachita manyazi koma Chipwitikizi sichachilendo kwenikweni pakamwa pathu, nsapato, kalata, kapitawo, kachasu, mbatata, onsewa tinabwereka kwa iwowa. Zofunika kudziwa nzochepa. Mukaona nh werengani ngati ny wathu, ndiye Craveirinha ndi Kraveirinya. ç ndi s, ch ndi sh, x kawirikawiri ndi sh, o wakumapeto kwa mawu amamveka ngati u, ndipo kanjoka kali pamwamba pa ã kapena õ kakutanthauza kuti liwulo litulukire m'mphuno. Pa YouTube pali anthu ambiri akulakatula ndakatulozi, mverani kawiri katatu ngati bandulo ilipo, koma dziwani kuti wa ku Lisbon amameza mavawelo mpaka mumangomva sh sh sh, wa ku Brazil amawatsegula onse, wa ku Maputo ali pakatikati. Kwa ongoyamba kumene wa ku Brazil ndi wa ku Maputo ndi omwe amamveka bwino.

Tsopano tanthauzo. Makina omasulira a pa foni agwiritseni ntchito inde, koma liwu limodzilimodzi, osawakhulupirira pa ndakatulo yonse. Ine anandipusitsapo pa Grito Negro yomweyi. Wolankhula mu ndakatuloyo akuuza bwana wake kuti iyeyo ndi carvão, makina aja anandipatsa liwu loti makala, ine nkuyamba kuona ng'anjo ndi matumba a makala pa njinga. Koma carvão ndi makala komanso malasha, ndipo mukawerenga bwino mupeza kuti bwanayo akumuzula munthuyu pansi panthaka mwankhanza nkumusandutsa mgodi wake, ndiye ndi malasha, okumbidwa kuti ayendetse makina a bwana, ndipo pamapeto malasha aja akuchenjeza kuti ayaka ndithu, koma adzawotcha zonse. Liwu limodzi lokha linandisocheretsa ndakatulo yonse. Mukapeza ya Chingerezi yomasuliridwa ndi munthu ikani pambali muziyerekeza, buku la Penguin la ndakatulo za makono za mu Africa lomwe anasonkhanitsa Gerald Moore ndi Ulli Beier lili ndi alakatuli angapo a ku Mozambique ndi Angola, ndipo m'malaibulale akale limapezeka. Pomaliza mpomwe mudzaze tsamba lakumanja lija ndi Chichewa chanuchanu. Chidzakhala chokhota, zilibe kanthu, palibe akukuchongerani.

Za moyo wa mlakatuli musaloweze zaka ngati mukukalemba mayeso. Pamwamba pa tsamba ine ndimangolemba zinthu zitatu, kunyumba kwawo ankalankhula chiyani, ankadya za ntchito yanji, nanga boma la nthawi yake linali lotani, kenako chaka chomwe ndakatuloyo inalembedwa. Yesani pa Noémia de Sousa muone. Anabadwa mu 1926 ku Catembe, tsidya la nyanja kuyang'anizana ndi Maputo, ndipo pafupifupi ndakatulo zake zonse zodziwika anazilemba zaka zitatu zokha, 1948 mpaka 1951, ali mtsikana wa zaka za m'ma 20, kenako anachoka kupita ku Lisbon apolisi atayamba kumulondalonda. Ndakatulozo zinkangoyenda pamanja ndi m'manyuzi kwa zaka 50, buku lake Sangue Negro linatuluka mu 2001, iye nkumwalira chaka chotsatira. Werengani Magaíça. Magaíça ndi munthu wobwera kumigodi ya ku Joni, ndipo aliyense amene agogo ake anapitako pa Wenela aizindikira nkhaniyi asanaimalize, mnyamata akutsika sitima ndi sutikesi yodzaza tinthu tonyezimira koma unyamata ndi thanzi zatsala pansi pa mgodi, zikukawala pakhosi pa dona wina kutali. Mukadziwa kuti wolembayo anali mtsikana wokhala pansi pa ulamuliro wa Salazar, wolamulira mwankhanza wa Portugal, nthawi ya chibalo, mawu aliwonse amalemera mwina.

Agostinho Neto wa ku Angola mungamudutse mwachangu panjira yomweyi, dokotala, wandende, kenako pulezidenti woyamba mu 1975, buku lake ndi Sagrada Esperança. Kunena zoona ine ndimaona kuti mbiri yake ndi yaikulu kuposa ndakatulo zake zambiri, ena adzanditsutsa, chabwino.

Ndiye mukazolowera kuwerenga ndakatulo ndi moyo wa mwini wake pambali, nthawi yakwana yoti mukumane ndi munthu amene adzakusokonezereni njira yonseyi, Fernando Pessoa. Dzina lakelo pessoa m'Chipwitikizi ndiye kuti munthu, koma mwa iye munali anthu ambirimbiri. Anabadwira ku Lisbon mu 1888, bambo ake anamwalira ali wamng'ono, mayi ake nkukwatiwa ndi kazembe wa Portugal ku Durban, ndiye kuyambira 1896 mpaka 1905 anakulira ku South Africa, sukulu yonse m'Chingerezi. Atabwerera ku Lisbon ankadya za kumasulira makalata a malonda m'maofesi, sanakwatire, ndipo buku la Chipwitikizi lomwe anatulutsa ali moyo ndi limodzi lokha, Mensagem, mu 1934. Atamwalira mu 1935 anapeza bokosi lodzaza mapepala oposa 25,000, mpaka lero akatswiri akadasanthulabe.

Chomwe muyenera kumvetsa musanatsegule tsamba nchakuti Pessoa sankangobisala kumbuyo kwa mayina abodza ayi, ankalenga alakatuli athunthu, aliyense ndi tsiku lake lobadwa, ntchito yake, maganizo ake ndi kalembedwe kake, mpaka ankatsutsana okhaokha. Alberto Caeiro ndi munthu wakumudzi wosapita patali ndi sukulu, amene amati mtengo ndi mtengo basi, osamafunafuna tanthauzo kuseri kwake. Ricardo Reis ndi dokotala wodekha, wokonda zakale za Agiriki ndi Aroma, ndakatulo zake zazifupi zomangika bwinobwino. Álvaro de Campos ndi injiniya wa zombo amene akuti anaphunzira ku Glasgow, waphokoso, mizere yake italiitali, mawa wakondwa ndi makina mkuja wataya mtima. Ndiye mafunso atatu aja muwafunse kawiri, kamodzi za Pessoa kamodzi za munthu wopekedwayo, ndipo mu kope mupatse aliyense tsamba lake. Yambani ndi Caeiro chifukwa Chipwitikizi chake nchosavuta, mawu a tsiku ndi tsiku, dzuwa, mtsinje, nkhosa. Campos abwere pambuyo, Tabacaria ya 1928, munthu ali pawindo akuyang'ana kasitolo ka fodya tsidya la msewu nkumadziona kuti iye si kanthu. Reis musungeni, amafuna mtima wautali.

Pessoa yemweyu akuphunzitsaninso kusakhulupirira zonse zomwe mlakatuli akunena za iye mwini. M'kalata ya 1935 analemba kuti pa 8 Malichi 1914 anaimirira pa kabati nkulemba ndakatulo zoposa 30 za Caeiro ulendo umodzi osapuma, ngati wagwidwa mizimu. Nkhani yokoma zedi, koma omwe anafufuza mapepala ake anapeza kuti zinalembedwa masiku osiyanasiyana ndipo anazikonzakonza kambiri. Munthu amene analemba yekha kuti mlakatuli ndi wonamizira, mumayembekezera chani.

Ku Brazil nkwakukulu, mukhoza kusochera. Lowerani pa Carlos Drummond de Andrade, wobadwa mu 1902 ku Itabira, tauni ya migodi ya chitsulo ku Minas Gerais, anaphunzira za mankhwala koma kwa zaka zambiri anali wa muofesi ya boma. Ndakatulo yake No meio do caminho ya 1928 ndiyabwino kwambiri kwa wongoyamba, mizere 10 yokha, ikungonena kuti pakati panjira panali mwala, liwu loti pedra likubwera ka 7. Mutha kuiloweza tsiku limodzi. Anthu anamunyoza nayo kwa zaka, ena akuti si ndakatulo, ena akuti galamala yake njolakwika chifukwa analemba tinha mmene anthu amalankhulira mumsewu m'malo mwa havia wa m'mabuku, mpaka mu 1967 mkuluyu anatolera zonyoza ndi zoyamikira zonse nkupanga buku. Musakakamire kufunsa kuti mwalawo ukuimira chani, iwerengeni mokweza kasanu mumve mmene mwalawo ukukupunthwitsirani lilime pamalo pomwepomwepo.

Chenjezo limodzi pa Florbela Espanca wa ku Portugal. Anabadwa pa 8 Disembala 1894 nkumwalira pa 8 Disembala 1930, tsiku lomwe amakwanitsa zaka 36, atakwatiwa katatu ndiponso atataya mchimwene wake wokondedwa pa ngozi ya ndege mu 1927. Mbiri yotereyi imameza ndakatulo, anthu amangokamba za imfa yake osawerenga mzere ndi umodzi womwe. Kwa iyeyu tembenuzani dongosolo, werengani kaye masoneti ake atatu kapena anayi, tindakatulo ta mizere 14 tija, muone mmene mkazi wa nthawi imeneyo akunenera poyera za chikondi ndi chilakolako chake mosapempha chilolezo, mbiriyo ibwere pambuyo.

Camões uja mubwerereko pomaliza, ndipo poyamba masoneti ake achikondi, afupiafupi. Moyo wake nawo ndi filimu, diso lakumanja analitaya ku Ceuta ali msilikali, analowapo ndende ku Lisbon chifukwa cha ndewu, mu 1553 anakwera chombo kupita ku Goa, ndipo pobwerera anakakamira pa chilumba cha Mozambique pafupifupi zaka ziwiri ali mbuu ndi umphawi mpaka anzake anachita kumusonkhera ya ulendo. Anamwalira pa 10 Juni 1580, ndipo 10 Juni ndilo tsiku la dziko la Portugal mpaka pano. Os Lusíadas ikukamba ulendo wa Vasco da Gama wopita ku India, ndipo muwerenge maso ali tcheru, chifukwa m'chigawo choyamba anthu a pa chilumba chomwecho chomwe chinamusunga akuwajambula ngati achinyengo oyenera kuphulitsidwa ndi mizinga. Ya Chingerezi yosavuta kutsata ndi yomwe anamasulira Landeg White mu 1997, yemwe uja anaphunzitsapo ku yunivesite ya Malawi asanathamangitsidwe mu 1972. Musayambire tsamba loyamba ngati ine. Chigawo chachisanu muli Adamastor, chimphona chomwe chikudzuka m'nyanja kunsonga ya Africa nkutemberera zombo. Koma tsegulani kaye kumapeto kwa chigawo chachinayi, pomwe zombo zikunyamuka pa doko la Restelo amayi akulira, ndiye nkhalamba ina ikupukusa mutu pakati pa chigulu nkuyamba kuwakalipira amalinyerowo kuti chomwe chikuwatengera kutaliko ndi dyera ndi kufuna kutchuka basi. Mawu a nkhalambayo ndi ndime 10 zokha, akwana bwinobwino pa masamba angapo akumanzere a kope lanu.