Sisitimu ikagwa, chipatala chisagwe nayo

Malangizo awa akupita kwa inu amene mumayendetsa zipatala: akuluakulu a ku ofesi ya zaumoyo pa boma, ma in-charge a zipatala zazing'ono, oyang'anira zipatala za CHAM ndi zolipira, komanso anzathu a IT amene amakumbukiridwa pokhapokha zinthu zikavuta.

Ntchito zambiri za chipatala tsopano zili mu kompyuta. Ku kiliniki ya ma ARV wodwala amalembedwa pa sikirini, malipoti a pamwezi amapita pa DHIS2, oda ya mankhwala imadutsa pa OpenLMIS, zotsatira za ku labu nazo zimabwera pa makina. Mizere yafupika ndipo palibe akufuna kubwerera kumbuyo. Koma tafunsani pa chipatala chanu kuti seva, kompyuta yaikulu yosunga zonsezi, itafa Lolemba m'mawa, anthu ali pa benchi kuyambira mbandakucha, ndani achite chiyani mu ola loyamba. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti "tiwaimbira a IT". A IT adzakonzadi makinawo, kaya lero kaya mwezi wamawa, koma mayi amene wayenda makilomita 15 kudzatenga mankhwala ayenera kubwerera nawo lero lomwe, ndipo womupatsa ndi namwino ndi wa ku famase.

Choncho pali ntchito ziwiri. Ina ndi yodzutsa makina ndi kubwezeretsa zomwe zinali m'menemo, imeneyo ndi ya a IT. Inayo ndi yopitiriza kuthandiza odwala makinawo ali chigonere, ndipo mwini wake ndi mkulu wa chipatala pamodzi ndi akulu a mawodi. Zipatala zambiri zimasiyira zonse ziwiri munthu mmodzi wa IT, n'kulemba chikalata cha masamba ambirimbiri chomwe, chodabwitsa, chimasungidwa mu seva yomweyo imene tikuopa kuti ifa.

Kuno kwathu chimene chimagwetsa sisitimu nthawi zambiri si akuba a pa intaneti ayi. Ndi magetsi, mphenzi, denga lodontha, fumbi, kapena wina wothyola zenera n'kunyamula kompyuta. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi 130 MW, ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anadula misewu ndi kuwononga zipatala m'maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Mu Meyi 2024 nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta m'maiko angapo a kuno, Malawi ndi Mozambique ali momwemo. Ndalama zambiri nazonso sizitchinjiriza. Pa 19 Julayi 2022, kutentha kutafika madigiri 40 ku London, makina oziziritsa m'zipinda za ma seva a zipatala za Guy's ndi St Thomas' analephera. Zipindazo zinali ziwiri, china chikuyembekezeka kugwira ntchito chinzake chikafa, koma poti zinali mu mzinda umodzi, dzuwa limodzi linazigwetsa zonse tsiku limodzi, ndipo madokotala anagwiritsa ntchito mapepala kwa masabata angapo.

Komabe za akuba zisatayidwe. Pali mapulogalamu otchedwa ransomware amene amakhoma mafayilo onse, eni ake n'kumafuna dipo kuti akupatseni kiyi. Ku Ireland, pa 18 Malichi 2021, wogwira ntchito wina wa bungwe la zaumoyo la HSE anatsegula fayilo ya Excel yomwe inabwera pa imelo. Akubawo anakhala m'kati mwa netiweki masabata 8 akufufuza mwakachetechete, n'kudzakhoma zonse pa 14 Meyi. Boma linakana kulipira, kiyi anaperekedwa ulere patangopita sabata imodzi, koma kudzutsa makina onse kunatengabe miyezi pafupifupi 4. Mu Juni 2024 zinagwera National Health Laboratory Service ya ku South Africa, yomwe imayeza magazi ndi zina za zipatala za boma. Kumeneko akubawo anafufuta ngakhale mbali ina ya bakapu, makope osungidwa padera obwezeretsera zinthu zikatayika, moti zotsatira zofunika mwachangu zinkaperekedwa kwa madokotala pa foni. Amene akuganiza kuti Malawi ndi wosauka kwambiri kuti akuba amuganizire akumbukire Febuluwale 2024, pomwe pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti sisitimu yosindikizira mapasipoti yalowedwa ndipo olowawo akufuna dipo.

Poyambira pake si pogula zipangizo. Itanani mkulu wa dipatimenti iliyonse, mumufunse mafunso awiri. Loyamba: ntchito yanu ingaime maola angati popanda kompyuta wodwala asanavulazike? Lachiwiri: titataya zomwe munalowetsa, mungapirire kutaya za nthawi yaitali bwanji, za ola limodzi, za tsiku, kapena za sabata? Aliyense adzanena kuti yake ndiyo yofunika kwambiri, ndiye mkulu wa chipatala agamule. Kosungira magazi, labu, famase ndi kolandirira odwala mwadzidzidzi sizingadikire. Lipoti la pamwezi likhoza kuchedwa sabata popanda amene wamwalira, ngakhale a ku boma akalipe. Mayankho amenewa ndiwo adzakuuzeni kuti bakapu izitengedwa kangati, komanso kuti tsiku lodzutsa makina muyambe ndi ati.

Tsono bakapu. Lamulo lodziwika ndi la 3-2-1: makope 3 a zomwe mwasunga, pa zipangizo za mitundu 2, kope limodzi likhale kutali ndi chipatala. Onjezani chinthu china chimene nkhani ya ku South Africa ikutiphunzitsa, chakuti kope limodzi likhale losalumikizidwa ku netiweki konse. Disiki yomwe imakhala chilumikizire ku seva usana ndi usiku imakhomedwa pamodzi ndi sevayo, ndipo mphenzi ikalowa imapsa nayo limodzi. Pa chipatala chaching'ono, ma disiki awiri kapena atatu osinthanasinthana ndi okwanira: imodzi ikukopera, ina ili mu kabati yokhoma m'nyumba ina, ina imapita ku ofesi ya boma galimoto ikamapita kumeneko. Akhale otsekedwa ndi pasiwedi, chifukwa disiki yotayika pa minibasi ili ndi mayina a anthu onse amene akumwa ma ARV m'deralo. Musamangofufuta kope lakale polemba latsopano. Ku Ireland akuba anakhalamo miyezi iwiri asanaonekere, kutanthauza kuti kope la dzulo likhoza kukhala lodwala kale, ndipo mudzafuna la miyezi itatu yapitayo.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike. Uthenga wa pa sikirini wonena kuti bakapu yatheka si umboni wa kanthu. Mlimi wochenjera asanadzale mbewu yomwe anasunga amatapako njere zochepa n'kuzifesa padera kuti aone ngati zimera, sadikira kukadziwira m'munda mvula itagwa kale. Bakapu nayo iyesedwe chomwecho, kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Tengani kompyuta ina yosalumikizidwa ku netiweki, bwezeretsanipo zonse kuchokera pa disiki, kenako muitane kalaliki wa data asankhe odwala 10 a sabata yatha, aone ngati ulendo wawo womaliza ndi mankhwala awo zikuoneka. Yang'anani wotchi, mulembe nthawi imene zatenga. Pa kuyesa kotere m'pamene zimatulukira zoti disiki inadzaza kalekale n'kusiya kukopera, kapena pasiwedi yotsegulira anapita nayo mnyamata amene anasamutsidwira kwina, kapena mafayilo alipo koma pulogalamu yowawerengera palibe amene ali nayo. Chinthu china, woyesayo asakhale yekha uja amene anakhazikitsa dongosololi. Alembe ndondomeko yake pa pepala, munthu wachiwiri aitsatire iye ali chete pambali. Ngati wachiwiriyo wakanika, ndiye kuti tsiku limene woyambayo adzakhale ku maliro kumudzi, chipatala chilibe bakapu.

Nkhani ya pasiwedi ikukhudzanso mabungwe otithandiza. Ma sisitimu ambiri m'zipatala zathu anabwera ndi mapulojekiti, ndipo odziwa kuwakonza amalipidwa ndi mapulojekitiwo. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ogwira ntchito ambiri otere anauzidwa kuti ayambe aima. Funsani lero kuti mgwirizano ukatha, ndani ali ndi pasiwedi yaikulu, bakapu ili kuti, ndipo mungaitenge bwanji. Mapasiwedi amenewa alembedwe, aikidwe mu envelopu yomata, asungidwe ndi mkulu wa chipatala.

Ku mawodi, chida chachikulu ndi bokosi. Wodi iliyonse, labu, famase ndi kolembetsera kukhale bokosi lodziwika bwino lokhala ndi mafomu olembera odwala, opemphera zoyeza ku labu ndi X-ray, mapepala a mankhwala, ma sitoko khadi, kaundula wopanda kanthu, zolembera ndi tochi, zokwanira masiku osachepera atatu. Pamwamba pakhale pepala limodzi lokha lonena zochita ndi manambala a foni. Mafomuwo asindikizidwe lero, chifukwa tsiku la vuto pulintala nayo idzakhala itagona. Ndipo wina aziliyang'ana bokosilo mwezi ndi mwezi, paja tikudziwana, zolembera zimayenda ndipo mafomu amasanduka okulungira mankhwala.

Pa mapepala ife tili ndi mwayi umene a ku London analibe. Wodwala wathu amayenda ndi buku lake la kuchipatala, ndipo ku ma ARV kuli masita khadi, khadi la wodwala aliyense losungidwa pa kiliniki. Vuto ndi lakuti kompyuta ikazolowereka, anthu amayamba ulesi wolemba m'bukumo, n'kumangoti zonse zili mu sisitimu. Musalole zimenezo. Dzina la mankhwala, mlingo wake, mankhwala amene amamuwenga wodwalayo ndi tsiku lobweranso zilembedwe m'buku ulendo uliwonse. Lachisanu lililonse kiliniki isindikize mndandanda wa amene akuyembekezeka sabata yotsatira ndi mankhwala awo, uikidwe mokhoma, ndipo wakale uwotchedwe.

Ngozi yaikulu pa nthawi ya mapepala ndi kusokoneza anthu. Mu wodi imodzi mukhoza kukhala a Phiri atatu ndi a Banda anayi. Konzeranitu manambala ongoyembekezera, osindikizidwa kale motsatana, kuti wodwala aliyense watsopano alandire yake, ndipo nambalayo ilembedwe pa fomu, pa botolo la magazi ndi pa buku lake. Pa chilichonse pakhale zomuzindikiritsa ziwiri, dzina lonse ndi tsiku lobadwa kapena mudzi. Zotsatira zoopsa zikaperekedwa pa foni, wolandira azibwereze mokweza, alembe nthawi ndi dzina la womuuza. Sankhaninso anthu oyenda ndi mapepala pakati pa labu ndi mawodi, apo ayi anamwino adzathera nthawi m'makonde. Kujambula zotsatira n'kuponya pa gulu la WhatsApp kumaoneka kophweka, koma chithunzicho chimatsala m'mafoni a anthu ambiri, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 silipita pa tchuthi chifukwa seva yafa.

Pepala la pamwamba pa bokosi lija linene mosabisa kuti ndani ali ndi mphamvu yolengeza kuti tsopano tayamba mapepala, ndi wachiwiri wake wa usiku ndi wa Loweruka ndi Lamulungu. Popanda zimenezo anthu amangokhala, kudikira kuti mwina ibwera posachedwa, mzere ukukula. Ikani malire, mwachitsanzo mphindi 30. Ngati pa sikirini patuluka uthenga wofuna ndalama, kapena mafayilo akukana kutseguka pa makompyuta angapo nthawi imodzi, zulani nthambo za netiweki, zimitsani Wi-Fi, musalowetse fulashi kapena disiki ya bakapu pa kompyuta iliyonse, musafufute kanthu. Dziwitsani akuluakulu a ku unduna komanso Malawi CERT, nthambi yothana ndi ziwembu za pa makompyuta yomwe ili pansi pa MACRA.

Za magetsi ndinena mwachidule poti mukuzidziwa. Mabatire a UPS, kachipangizo kopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, amafooka pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndiye ayeseni pozula pulagi. Jenereta iyesedwe ikuyendetsa zipangizo za chipatala, ndipo dizilo wake asakhale yemwe ambulansi imabwereka. Seva ichoke pansi, ikhale pamwamba, kutali ndi zenera.

Gawo limene pafupifupi aliyense amaliiwala ndi lobwerera. Makina akadzuka, pamakhala mulu wa mapepala a masiku onse aja, ndipo akapanda kulowetsedwa, sisitimu imaonetsa ngati odwala anathawa mankhwala pomwe analandira, alangizi a zaumoyo n'kumakawasaka m'midzi pachabe, ndipo sitoko ya mu kompyuta imasiyana ndi ya pa shelefu. Gawirani anthu ntchitoyi, pepala lililonse lolowetsedwa lidindidwe, manambala ongoyembekezera aja alumikizidwe ndi manambala enieni, famase iwerenge mankhwala ndi manja isanayambenso kukhulupirira sikirini. Ngati vuto linali vayirasi, kompyuta iliyonse iyeretsedwe isanabwerere pa netiweki, ngakhale ya bwana.

Zonsezi ziyesedwe anthu ali maso. Yambani ndi ola limodzi pa tebulo, wina anene kuti seva yapsa, aliyense afotokoze chimene achite. Kenako sankhani masana opanda anthu ambiri, muzimitse sisitimu mwadala kwa maola awiri, ntchito iyende ndi zomwe zili m'bokosi. Ulendo wina muchite usiku, chifukwa a usiku ndiwo amapezeka kuti sadziwa kumene kuli kiyi wa kabati. Chilichonse chimene chakanika chilembedwe pamodzi ndi dzina la wochikonza ndi tsiku lomalizira. Okutobala ndi mwezi wabwino woyesera, mvula ndi mphenzi zisanayambe. Ma disiki, mabatire, mapepala osindikiza ndi ndalama ya makalaliki olowetsa zotsalira zikhale ndi mzere wake mu bajeti, ndipo poti chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo, mitengo yake ifike kwa okonza bajeti ya boma lanu chaka chisanathe.