Momwe mungakokere alendo ku kawebusaiti kanu ka zomwe mumakonda

Ndinatsegula kawebusaiti ka bawo pokumbukira agogo anga aamuna, amene anabwera kuno ku Harare kuchokera ku Mangochi nthawi ya Chitaganya, m'zaka za pakati pa 1953 ndi 1963, nakhazikika ku Mufakose. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kutakata ndi kudya mtaji, omwe ndi mayendedwe a m'masewero a bawo. Miyezi yoyamba tsambalo linali zii, olitsegula anali ine ndi mlongo wanga basi, ndipo zinkandiwawa chifukwa ndinkalemba ndi mtima wonse. Ngati nanunso muli ndi tsamba la nkhunda, la zophikaphika, la kusoka kapena la mpira wa m'dera lanu, nazi zomwe zinandithandiza.

Choyamba, sankhani kampata kanu ndipo mukhale pomwepo. Pa intaneti pali masamba osawerengeka, ena ali ndi antchito ndi ndalama zolipirira malonda. Mukati mulembe za “masewero a mu Africa” m'Chingerezi, mumira tsiku lomwelo. Koma ndani akufotokoza m'Chichewa kusiyana kwa bawo ndi tsoro imene anzathu Achishona amasewera? Ndani akujambula mabowo 32 aja, mizere inayi ya mabowo asanu ndi atatu, n'kuonetsa poyambira? Pamenepo mpikisano ndi wochepa kwambiri. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013, koma zolembedwa m'chilankhulochi zokhudza moyo wa kuno ndi zochepa zedi. Ana athu a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa ndi Epworth ambiri amachimva koma sanachiwerengepo. Mukawalembera iwowo, mwapeza kale anthu anu.

Chachiwiri, lembani mitu yofanana ndi mmene munthu amafunsira. Palibe amene amalemba pa Google kuti “Maganizo anga a Lachiwiri”. Amalemba kuti “malamulo a bawo” kapena “bawo amasewera bwanji”. Yambani kulemba mawu anu m'bokosi lofufuzira, muone zomwe Google ikumalizitsa yokha, chifukwa zimenezo ndi zomwe ena anafunsapo. Nkhani iliyonse iyankhe funso limodzi, ndipo yankho likhale kumayambiriro. Poti kuno timasakaniza zilankhulo, ikani penapake dzina la Chishona ndi la Chingerezi la chinthu chanucho, kuti wofufuza m'zilankhulo zimenezo akupezeninso.

Chachitatu, peputsani tsamba. Owerenga anu ali pa foni, deta ndi yodula, magetsi akazima netiweki imafookanso. Chithunzi chochokera pa foni chikhoza kulemera ma MB atatu kapena kuposa. Chichepetseni chisapitirire ma KB 200 musanachiike. Kanema muike pa YouTube, patsamba pakhale linki yokha. Kenaka yesani tsamba lanu pa PageSpeed Insights, chida chaulere cha Google choyeza kufulumira kwa tsamba, kapena bwerekani foni yakale ya msuweni wanu muone ngati likutseguka musanatope.

Chachinayi ndi chimene chinasintha zinthu kwa ine, ndiye ndichedwapo pang'ono. Anthu athu ali pa WhatsApp. Magulu a mpingo, a mzikiti, a mabungwe othandizana pa maliro, a anthu ochokera boma limodzi kumudzi, onse ali kumeneko. Koma dziwani ichi: ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, kaya ya Econet kaya ya NetOne, ndipo bandulo yotero siitsegula masamba ena. Ine ndinkangoponya linki m'gulu n'kumadabwa kuti bwanji palibe akubwera. Bambo ena achikulire ndiwo anandiuza kuti, “Mwana wanga, chinthu chako chija sichitseguka kwa ife.” Kuyambira pamenepo ndimalemba mfundo yeniyeni mu uthenga womwewo, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndi chithunzi chimodzi, linki n'kubwera pansi. Amene alibe deta wapindulabe, ndipo akafika pa Wi-Fi ya kuntchito amakumbuka kutsegula.

Musalowe m'gulu la eni ake n'kuyamba kumwaza malinki ngati mukufesa mawere. Pemphani kaye kwa oyang'anira gulu, monga mmene mumaodira pakhomo pa munthu. Gulu la maliro si malo olengezerapo za masewero, ndipo mukalakwitsa pamenepo dzina lanu liipa msanga kuposa mmene tsamba lingatchukire. Njira yosavutitsa aliyense ndi kuika pa Status, pomwe uthenga umakhala maola 24, kapena kutsegula Channel yanu, poti WhatsApp inayambitsa zimenezi mu 2023. Wofuna amabwera yekha. Pa Facebook, pezani magulu a Amalawi okhala ku Zimbabwe ndi ku Joni, muziyankha mafunso a anthu bwinobwino, linki muziika pokhapokha ikuyankhadi funsolo.

Chachisanu, lembetsani tsamba lanu pa Google Search Console, chida choonetsa mmene tsamba likupezekera pa Google. Sililipiritsa. Mumalowa ndi akaunti yanu ya Gmail, kutsimikiza kuti tsambalo ndi lanu, kenaka kutumiza sitemap, umene ndi mndandanda wa nkhani zanu zonse. Blogger ndi WordPress zimaupanga zokha. Pakapita masabata angapo mudzayamba kuona mawu amene anthu analemba kuti akupezeni. Ine ndinapeza kuti ena ankafuna kudziwa kosemetsa bolodi la bawo, chinthu chimene sindinaganizepo, ndipo ndinapita kukacheza ndi mmisiri wina wa matabwa ku Glen View n'kulemba nkhani yake. Osamayang'ana manambalawa tsiku lililonse, kamodzi pa sabata nkokwanira.

Padzabwera anthu okulonjezani alendo masauzande kapena malinki ambirimbiri mukawatumizira ndalama. Akaneni. Alendo ogula sawerenga kanthu, ndipo Google imatsitsa masamba ogula malinki.

Chachisanu ndi chimodzi, tulukani panja. Dzina la tsamba likhale lalifupi, loti munthu akalimva kamodzi mu kombi alikumbuke. Ine ndinasindikiza timapepala tating'ono n'kumanyamula m'thumba. Ndimatipereka pomwe madala akusewera pansi pa mtengo Loweruka masana, ndiponso kwa abale amene ndikuwaperekeza ku Roadport akamakwera basi ya ku Blantyre yodzera ku Nyamapanda ndi Tete. Musanajambule munthu pemphani chilolezo. Akavomera, iye mwini ndi amene adzatumize nkhaniyo kwa ana ndi adzukulu ake mpaka ku Lilongwe.

Za kalembedwe, dziikireni tsiku limene mungakwanitse. Nkhani imodzi yabwino pa masabata awiri imaposa zisanu m'sabata imodzi kenaka chete miyezi itatu. Ndimalemba pa foni usiku ngakhale magetsi kulibe, n'kuika patsamba ndikapeza netiweki yabwino. Wina akasiya ndemanga, ngakhale ya mawu awiri, muyankheni tsiku lomwelo, ndipo akakufunsani funso limene simunalembepo, mulisunge, likhale mutu wa nkhani yotsatira.