Agogo akamapita ku care home, mphaka wawo apite kuti?

Ambiri a ife amene tikusamalira okalamba kuno ku Britain tinakulira komwe mphaka ndi wogwira makoswe kunkhokwe basi. Kuno mupeza kuti mphaka wogona pamiyendo pa agogo amene mumawasambitsa m'mawa ndiye mnzawo yekhayo wa tsiku ndi tsiku. Akauzidwa zosamukira ku care home, nyumba yosamalirako okalamba, nkhawa yawo yoyamba imakhala ya mphakayo, amene nayenso nthawi zambiri ndi nkhalamba. Mphaka wa zaka 15 ali ngati munthu wa zaka 76.

Musadikire tsiku losamuka. Mukaona kuti agogo mphamvu zikuwathera, ikambeni nkhaniyi ndi manijala wanu komanso achibale. Ma care home ena amalola ziweto, choncho achibalewo afunse kaye. Zikakanika, kuli bungwe la Cinnamon Trust, lomwe linayamba mu 1985 kuti lizithandiza okalamba ndi ziweto zawo, ndipo limapeza anthu osunga mphaka mwini wake akagonekedwa m'chipatala. A bungwe la Cats Protection ali ndi ndondomeko yaulere ya Cat Guardians: munthu amalembetsa akadali moyo kuti akamwalira, iwo adzatenge mphakayo. Kulinso mabungwe osamalira ziweto a Blue Cross ndi RSPCA, koma malo amadzaza ndipo mzere umakhala wautali. Ndiponso anthu ofuna mphaka amathamangira tiana, okalambawa n'kumatsalira.

Apa ndi pamene inu mungathandize kuposa wina aliyense, chifukwa nyumbayo mumaidziwa. Lembani papepala zakudya zimene mphakayo amadya, nthawi yake, mankhwala amene amamwa, dzina la dokotala wake wa ziweto, ngakhale malo amene amabisala akaopa. Ngati mwaona kuti mbale ya madzi ikutha msanga, akukodza pafupipafupi, kapena akuonda pomwe akudya kwambiri, lembaninso. Zimenezi zimatha kukhala zizindikiro za matenda a impso kapena a chithokomiro, omwe amavuta amphaka okalamba. Ngati wasiya kudumphira pampando, mwina ndi nyamakazi. Chonde musamupatse Panado pomumvera chisoni. Mankhwalawa amapha mphaka.

Bulangete lake lija, lodzaza ubweya, limene mumalakalaka kulichapa, lisachapidwe. Lipite naye momwemo. Mphaka amadalira fungo, ndipo akafika m'khola lachilendo lonunkha mankhwala, amadzipinda pakona n'kukana chakudya. Fungo la kunyumba limamukhazika mtima pansi. Mphaka akakhala masiku angapo osadya, chiwindi chimayamba kuwonongeka, choncho si nkhani yaing'ono. Kumalo osamalira bwino amamupatsa pobisalira, pogona pofunda, ndi kabokosi kochitiramo chimbudzi kosatalika m'mbali kuti asavutike polowa.

Ku England, kuyambira pa 10 June 2024, lamulo likuti mphaka akhale ndi microchip, kachipangizo koikidwa pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake, apo ayi chindapusa chimatha kufika £500. Akumbutseni achibale kuti dzina ndi keyala za mwini mphaka zisinthidwe m'kaundula wa microchip.

Mtima ukakukokani kuti mumutenge nokha, yambani mwafunsa abwana anu, achibale ndi landilodi, ndipo muwerengere ndalama za dokotala, chifukwa kuno ziweto zilibe chithandizo chaulere cha boma ngati cha NHS. Mphakayo akapita ku bungwe, pemphani achibale afunse ngati angawatumizire chithunzi chake akakhazikika. Agogo adzakufunsani za iye, mwina kangapo pa tsiku, ndipo ndi bwino pakhale chowaonetsa.